Tisule kapena tigule? Bodi ya Mazda B1600 ya malemu bambo yadyedwa ndi dzimbiri

WaKuMufakose

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya galimoto imene malemu bambo anga anatisiyira, Mazda B1600 ya 1990, imodzi mwa zija zinkamangidwa konkuno ku Willowvale mu Harare. Yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu kwa zaka 6, ndipo chaka chino ine ndi mlongo wanga tagwirizana kuti tiidzutse. Injini tinaiyesa ndipo inalira, chasisi nayo makaniko wathu anaigogoda paliponse n'kutitsimikizira kuti ndi yolimba. Chimene chatiimitsa ndi bodi. Dzimbiri ladya pansi popondapo mapazi mbali ya dalaivala mpaka dothi likuoneka, ladya m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri, ladya madigadi a kumanzere kuseri kwa tayala, ndiponso ngodya ya kumbuyo kwa mutu, pamene umayang'anana ndi bodi yonyamulira katundu.

Amisiri awiri andiuza zosiyana. Woyamba akuti zowolazo zidulidwe, iye asule zatsopano kuchokera pa lata la chitsulo. Wachiwiri akuti kusula n'kutaya nthawi ndi ndalama, ndingogula zatsopano zochokera ku South Africa, iye amange ndi kupenta. Mutu umodzi susenza denga, choncho ndikupempha amene munadutsamo kale mu ntchito yotereyi mundiunikire. Sitikufuna galimoto ya chionetsero. Tikufuna izinyamula katundu wa mlongo wanga kuchokera ku msika wa Mbare Musika, koma ioneke monga inkaonekera bambo ali moyo.

DalaivalaWaBeitbridge

Achimwene, gulani. Galimoto yanuyo ndi mapasa ndi Ford Courier imene inkamangidwa ku Silverton mu mzinda wa Pretoria, ndipo mbali zambiri za bodi n'zofanana malinga zikhale za zaka zofanana. Madigadi ndi boneti za mtundu umenewu zimapezekabe m'mashopu a ku Johannesburg, zambiri mwa izo zopangidwa ku Taiwan, ndipo musanatume munthu kutsidya kwa Limpopo yambani mwafunsa mu Kaguvi Street. Chitsulo chotuluka m'makina sichingafanane ndi cha nyundo.

MmisiriWaGazaland

Bambo a ku Mufakose, amisiri anu onse awiri anena zoona, koma aliyense wanena theka. Malo amene mwatchulawo si ntchito imodzi ayi, ndipo chimene chimalamula ndi kaumbidwe ka chitsulocho. Tengani pepala mulikulunge pa botolo, muona kuti ligona bwinobwino. Pepala lomwelo mulikulunge pa mpira, lichita makwinya. Chitsulo chimene chapindika mbali imodzi yokha, monga pepala pa botolo, mmisiri aliyense wodekha angachisule ndi nyundo, vayisi ndi zidutswa ziwiri za angle iron. Koma chimene chapindika mbali ziwiri nthawi imodzi chimafuna kuti chitambasulidwe pakati kapena chifinyidwe m'mphepete, ndipo ntchito imeneyo imadya maola ambiri moti malipiro a mmisiri amapitirira mtengo wa chitsulo chatsopano.

Pansi popondapo mapazi musatayirepo ndalama kufunafuna zogula. Ndi malo athyathyathya, ndipo amabisika ndi mphasa. Ndimagula lata la mild steel la mamilimita 1.0, nthawi zina 1.2, ndimadula molingana ndi katoni, kenako ndimakhomamo mizere yotukuka ija imene mumaiona pa chitsulo choyambirira. Mizere imeneyo si yokongoletsa. Ndiyo imalimbitsa pansipo kuti pasamafwamphuke ngati chitini munthu akaponda. Ndimaika lata pamwamba pa ma angle iron awiri otalikirana pang'ono, ndimagoneka ndodo yachitsulo yobulungira pamwamba, n'kumaimenya mpaka mzere utuluke. Wina akakusulirani pansi posalala popanda mizere, mukane.

Madigadi ndi nkhani ina. Amamangidwa ndi mabawuti, amamasuka mosavuta, ali poonekera, ndipo apindika mbali zonse. Amenewo pezani ena. Za zitseko sindinganene ndisanaone m'kati mwake. Chitseko chili ndi zigawo ziwiri, chikopa chakunja ndi felemu ya m'kati, ndipo chikopacho chimapindiridwa pa felemu m'mphepete monse. Ngati chawola ndi chikopa chokha, timadula mamilimita 100 kapena 150 m'munsi n'kulumikizapo chatsopano. Ngati felemu nayo yapita, ntchito imawirikiza kawiri ndipo kupeza chitseko china kumapindulitsa.

MayiWaMatimati

Ndikufuna ndichenjeze mwana wathuyu ndi zimene zinandigwera ine. Ndinagula Nissan 1400, zija ku South Africa anapitiriza kuzipanga mpaka 2008, kwa munthu wina amene anati waikonza yonse. Inali yonyezimira, penti wake woyera mbee. Patadutsa dzinja limodzi ndinayamba kuona timatuza m'mphepete mwa tayala lakumbuyo. Dzinja lachiwiri, ndikuchokera ku Domboshava nditadzaza mabokosi a matimati, ndinagwera m'kadzenje ndipo ndinamva chinthu chikugwa. Nditaima ndinatola chibenthu chachikulu ngati chikhatho changa, chokhuthala ngati chala chachikulu cha kumanja. Chinali phala la filler lokhalokha, ndipo kuseri kwake kunali kamata sefa wa pawindo ndi nyuzipepala yopindapinda. Pamene chinachokapo panali bowo loti ndikanalowetsa mkono. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choncho mukamva mmisiri akunena kuti asula, mufunseni akuonetseni ntchito yake isanapakidwe kalikonse, chitsulo chili mbee. Ndipo galimoto yanuyo muiyendere yonse ndi maginito wokulunga m'kansalu. Pamene maginito akukana kumata, pamenepo pali phala, ndipo mwina dzimbiri limene mukuliona ndi gawo chabe la limene lilipo.

DalaivalaWaBeitbridge

Mayi, nkhani yanuyo ikutsimikizira mawu anga. Mukanagula chitsulo chatsopano simukanatola nyuzipepala pamsewu.

MayiWaMatimati

Ayi achimwene, sindinamalize. Pambuyo pake ndinagula madigadi atsopano a kutsogolo, ndipo nawonso anandivuta. A kumanja anakhala bwino, koma a kumanzere mabowo a mabawuti sanagwirizane, ndipo mpata wa pakati pa madigadi ndi chitseko unali waukulu kumwamba, waung'ono kumunsi, moti chitseko chinkakhula potsegula. Mmisiri anatha tsiku lathunthu akukuza mabowo ndi kuwongola mphepete. Chatsopano nachonso chimafuna nyundo. Cholakwa changa chinali chakuti ndinalola kuti apente asanayese kumanga, ndiye penti yense anakalika ndipo ndinalipira kawiri.

WaZakaleMsasa

Pali njira yachitatu imene simunaitchule, ndipo pa galimoto ngati imeneyi ndiyo ndingayambire. Mazda za ku Willowvale zinali zambirimbiri m'dziko muno, m'mafamu, m'migodi ndi m'makampani, choncho zakufa zake zilinso zambiri m'mayadi ogulitsa zitsulo za magalimoto akale. Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ali kutali ndi mphepo ya mchere, ndipo miyezi ya May mpaka October kumakhala kouma. Chifukwa cha ichi chitsulo chathu sichiwola msanga ngati cha galimoto imene yakhala ku Beira kapena ku Durban, kapena yochokera ku UK kumene amathira mchere m'misewu nyengo yozizira. Galimoto imene inagundidwa mbali ya kumanja imakhala ndi madigadi abwino a kumanzere, otuluka m'chikombole chenicheni cha fakitale, ndipo mabowo ake amagwera pamalo pake.

Ngodya ya kumbuyo kwa mutu imene mukunenayo m'mashopu simuipeza kawirikawiri. Pitani ndi mmisiri wanu pa yadi, mupeze mutu wa galimoto yofanana, mulipire kuti akudulireni ngodyayo. Dulani mokulirapo kuposa malo owolawo ndi mamilimita 50 mbali zonse, chifukwa kuchepetsa n'kosavuta koma kuwonjezera n'kovuta. Musanalipire, lowetsani chala kuseri kwake, pamene pamaunjikana matope, chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimawola malo amodzi.

WaKuMufakose

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, maginito ndiyesa mawa m'mawa. Bambo a ku Msasa, sindinaganizepo zodula ngodya pa galimoto ina. Koma ndili ndi funso kwa achimwene a ku Beitbridge: mukawerengera zonse, chitsulo chochokera ku Joni chimafika kuno chikadali chotsika mtengo?

DalaivalaWaBeitbridge

Ndinene zoona, mtengo wa pashopu si mtengo womaliza. Muwonjezere msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, pa chipata, muwonjezere wonyamula, ndipo mukumbukire kuti kuchokera ku Beitbridge kufika mu Harare pali makilomita pafupifupi 580. Madigadi amayenda bwino akakulungidwa m'katoni ndi bulangete. Boneti ndi imene imavuta, chifukwa ikaikidwa mu ngolo ya basi pansi pa katundu wa anthu ena imafika yopindika pakati, ndipo kuibweza n'kosatheka. Komabe pa madigadi sindisintha maganizo anga.

AgogoAkuMabvuku

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiikepo mawu, chifukwa ntchito yowongola magalimoto ndinaigwira kwa zaka zoposa 30 mu galaja ya mabasi. Masiku athu ndalama zakunja zinali zosowa, ndipo munthu sukanadikira chitsulo chochokera kunja pamene basi ikufunika pamsewu Lolemba. Tinkasula, ndipo ngodya ngati imene mwana wa ku Mufakose akunena inali ntchito ya tsiku limodzi.

Ndinkayamba ndi mbali yabwino. Ngati ngodya ya kumanzere yawola, ya kumanja ndiyo mphunzitsi wako. Ndinkamata pepala lolimba pamenepo, ndipo paliponse pamene pepala lachita khwinya ndinkalembapo ndi pensulo, chifukwa pamenepo ndi pamene chitsulo chiyenera kufinyidwa. Kenako ndinkadula makatoni atatu kapena anayi otsata kupindika kwa ngodyayo pa misinkhu yosiyanasiyana, n'kuwatembenuza kuti akhale a mbali inayo. Chida changa chachikulu chinali chitsa cha bulugamu chimene ndinachikumba kabeseni pamwamba. Lata umaligoneka pa kabeseniko, umalimenya ndi nyundo yamtengo ya mutu wobulungira kuyambira pakati kumazungulira kupita kunja, ndipo limayamba kulowa ngati mbale. M'mphepete mumatuluka makwinya, ndipo makwinyawo suwaopa. Umawatsekera pa khoma la kabeseni n'kuwamenya kuchokera kunsonga kubwerera kumphepete, chitsulo chimadzilowa chokha n'kukhuthala pang'ono. Ukatha umasalaza ndi nyundo yopepuka pamwamba pa dolly, kachitsulo kolemera kamene umagwiriza kuseri kwa lata, pang'onopang'ono, dzanja likuyenda pamwamba pa chitsulo chifukwa chikhatho chimamva mabampu amene diso silingaone. Ukayesa katoni n'kuona kuwala kukudutsa pakati, umabwereranso pa chitsa.

Sindikutsutsa zodula pa galimoto ina. Ndikungonena kuti musaope mawu oti kusula ngati kuti ndi matsenga. Chitsa changacho chikadalipo pakhonde.

WowotchereraMagaba

Agogo, ulemu wanu. Ine ndimapanga mageti ndi mawindo, ndipo makasitomala ena amandibweretsera magalimoto kuti nditseke mabowo. Ndimagwiritsa ntchito lata la galvanised, lokutidwa ndi zinki, chifukwa silichita dzimbiri, ndimaliika pamwamba pa bowolo kuti lidutse mbali zonse, n'kuwotcherera kuzungulira. Palibe amene anabwerako kudzadandaula. Kodi cholakwika n'chiyani pamenepo?

MmisiriWaGazaland

Achimwene, zolakwika zilipo, ndipo ndikunena mwa ubale. Mukasanjika chitsulo pamwamba pa chinzake mumasiya kampata pakati pake, ndipo madzi amalowa m'kampatako koma satuluka. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu dzimbiri limayambira m'menemo, kumene penti sangafike. Pa chitsulo choonekera kunja, chigamba chiyenera kudulidwa kuti chilowe ndendende m'bowo, mphepete ndi mphepete zikumane, pasatsale mpata woposa milimita imodzi. Kusanjika kumaloledwa pamalo pamene fakitale nayo inasanjika, monga pamene pansi pakumana ndi chitsulo cha m'munsi mwa chitseko. Pamenepo timaboola timadontho ta fakitale ndi drill ya mamilimita 8, chatsopano timachiboolanso timabowo, n'kudzaza timabowoto powotcherera.

Kunena za galvanised, moto umapsereza zinki pamzere weniweni umene mukuwotchererawo, ndiye malo amene amafunika chitetezo kwambiri ndi amene amatsala opanda. Filler ndi penti wamba sizigwiranso bwino pa zinki. Ndipo ngati mukunena malata ofolera nyumba, amenewo ndi opyapyala kwambiri, ambiri safika ngakhale theka la milimita, ndipo ndi ouma moti amang'ambika m'malo moumbika. Makina anu owotcherera ndi ndodo nawonso ndi a mageti. Chitsulo chakunja cha galimoto ngati iyi sichipitirira milimita imodzi, ndipo ndodo imachiboola. Pamafunika makina a MIG, owotcherera ndi waya wa mamilimita 0.6.

AgogoAkuMabvuku

Pa MIG pokha ndisiyana nanu, mwana wanga. Ife tinkawotcherera ndi gasi, oxygen ndi acetylene, ndipo msoko wa gasi ndi wofewa, umalola nyundo. Ukawotcherera pang'ono umaumenya pa dolly ukadali wotentha, chitsulo chimabwerera m'malo mwake. Msoko wa MIG ndi wouma, ukaumenya kwambiri umasweka, ndipo umatha nthawi yambiri ukuupala ndi grinder.

MmisiriWaGazaland

N'zoona agogo, m'manja mwa munthu ngati inu gasi ndi wabwino. Koma gasi amatenthetsa malo aakulu, ndipo mnyamata amene sanaphunzire kumenya msoko amasandutsa chitseko kukhala mafunde okhaokha, kenako amabisa mafundewo ndi phala. Ndi MIG ndimaika kadontho apa, ndimalumpha mamilimita 50, ndimaika kena, ndimasiya mpaka dzanja lingathe kugwira, kenako ndimabwerera kudzaza pakati. Msoko wa chitseko chimodzi ukhoza kunditengera m'mawa wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto langa ndi magetsi okha, chifukwa akazima masana ntchito imaima, pamene inu ndi mabotolo anu munkapitiriza.

NamwinoWaHighfield

Ndiloleni ndilankhulepo za thanzi, popeza nkhani ya galvanised yatchulidwa. Utsi woyera umene umatuluka zinki ikamapsa umadwalitsa. Munthu amagwira ntchito masana ali bwinobwino, koma pakapita maola angapo amayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi malungo. Kawirikawiri zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma si chinthu chozolowera. Kumwa mkaka, kumene amisiri ambiri amakhulupirira, sikuteteza mapapo. Wotchererani pamalo popita mphepo, ndipo popala penti wakale ndi phala valani chotchinga pamphuno choyenera, osati kansalu chabe.

WowotchereraMagaba

Zikomo mayi. Zimene mwafotokozazo zandichitikira kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinakayezetsa malungo osawapeza. Za kusanjika ndamva, ngakhale kuti pa bodi ya kumbuyo yonyamulira mchenga ndikuonabe kuti chigamba chosanjika n'chokwanira.

WaSeries3

Kwa amene ali ndi Land Rover zakale, dziwani kuti zimene zanenedwa pano sizikugwira ntchito zonse kwa ife. Bodi ya Series ndi ya aluminiyamu yotchedwa Birmabright, ndipo mbali zake zambiri ndi zathyathyathya zomangidwa ndi ma rivet, choncho kusula n'kosavuta kuposa pa Mazda. Koma aluminiyamu imauma ukamaimenya, ndiye pamafunika kuifewetsa ndi moto. Ndimapaka sopo mbali imodzi, ndimatenthetsa mbali inayo, ndipo sopo akada ndimasiya. Chimene chimawola ndi chitsulo chenicheni, chasisi ndi khoma la pakati pa injini ndi dalaivala, komanso paliponse pamene aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi pamatuluka ufa woyera. Pakati pa ziwirizo payenera kukhala penti kapena kalabala.

WaZakaleMsasa

Tibwerere ku Mazda. Bambo a ku Mufakose, ngati pansi, ngodya ndi zitseko zonse zadyedwa, mwina n'kwanzeru kugula mutu wonse wa galimoto ina n'kuukhazika pa chasisi yanu. Umamangidwa ndi mabawuti ochepa chabe.

KalalikiWakale

Malangizo amenewo akufunika chenjezo. Galimoto imadziwika ndi nambala zake, ndipo kupatula imene inadindidwa pa chasisi pamakhalanso kachitsulo ka nambala pa bodi. Mukakhazika mutu wa galimoto ina, mudzakhala ndi nambala ziwiri zosagwirizana, ndipo pa chipingo cha apolisi kapena ku VID, kumene amayesa magalimoto, mudzafunika kufotokoza. Musachotse kapena kusamutsa kachitsuloko mwa inu nokha. Yambani mwafunsa ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, ndi ku nthambi ya apolisi yoona za kubedwa kwa magalimoto, ndipo chilichonse chachikulu chimene mwagula pa yadi chikhale ndi lisiti yolembedwa nambala ya galimoto imene chachokerako. Popeza galimotoyi ndi ya malemu, onaninso kuti buku lake lasinthidwa dzina motsatira chuma cha masiye musanathiremo ndalama zambiri.

MlongoWake

Ndine mlongo wa amene anayambitsa nkhaniyi, ndipo ndalowa kuti ndinene chinthu chimodzi chimene achimwene sanatchule. Pa chitseko cha dalaivala pali dzina la bambo, ndipo pansi pake pali mawu akuti Dedza, kwawo kumene anachokera ali mnyamata. Analembetsa kwa wolemba zikwangwani ndi penti wofiira chaka chimene anagula galimotoyi, ndipo ankapukuta malo amenewo ndi kansalu Lamlungu lililonse tisanapite kutchalitchi. Zilembozo zafwifwa koma zikuwerengeka. Mutu wina sitikuufuna, ndipo chitseko chimenecho sichichoka. Madigadi gulani kulikonse kumene mungafune.

DalaivalaWaBeitbridge

Pamenepo ndilibe mawu, chemwali. Chitseko chimenecho chisulidwe.

WaKuMufakose

Ndabwera ndi zimene ndapeza. Dzulo ndinachotsa mipando ndi mphasa zonse. Pansi pa mphasa ya labala panali kapeti yakale imene inali yonyowabe ngakhale kuti mvula inasiya kalekale. Nditathira madzi pa galasi lakutsogolo ndi ndowa, ndinaona akudontha kuchokera pa ngodya ya labala wa galasi, kutsika kuseri kwa dashboard mpaka pansi pamene pawolapo. Zitseko nazo timabowo take ta m'munsi totulutsira madzi tinali titatsekeka ndi dothi louma. Maginito anamata paliponse kupatula pa madigadi omwe aja a kumanzere, pamene ndinapeza phala lokhuthala. Chitseko cha dalaivala nditachotsa chophimba cha m'kati, felemu yake ili bwino, ndinaibaya ndi screwdriver osalowa. Cha kumanzere felemu yawola mpaka pa ngodya. Mu bodi ya kumbuyo ndapezanso dzimbiri lambiri kutsogolo kwake, pamene bambo ankaunjika matumba a feteleza wa Compound D ndi AN popita kumunda.

MmisiriWaGazaland

Mwachita bwino kufufuza kumene madzi akuchokera, chifukwa popanda kusintha labala wa galasi, pansi patsopano padzawolanso. Galasilo likachotsedwa muyang'ane mphepete imene labala amagwira, nthawi zambiri dzimbiri limabisala pamenepo. Za feteleza n'zodziwika, makamaka AN, amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo mofulumira. Bodiyo itsukidwe bwino musanayese kukula kwa vutolo.

Tsopano ndondomeko ya ntchito. Musadule kalikonse chinthu cholowa m'malo chisanafike m'manja, chifukwa chowolacho ndicho mulingo wanu. Pochotsa pansi, zitseko zikhale zili pamalo pake, ndipo mmisiri awotcherere kachitsulo kopingasa pakhomo kuti mutu usapotoke, apo ayi mudzapeza zitseko zikukana kutsekeka. Batire ichotsedwe, ndipo mapaipi a petulo ndi mawaya oyenda pansipo asunthidwe moto usanayandikire. Madigadi, kaya atsopano kaya akale, amangidwe ndi mabawuti onse pamodzi ndi boneti ndi chitseko, mipata ilingane pa mamilimita 4 kapena 5, ndiye amasulidwe kukapentedwa. Akakhala atsopano amabwera ndi penti wakuda. Pukutani pang'ono ndi thinners, ndipo ngati akuchoka pa nsalu, ndi penti wapaulendo chabe, apalidwe yense. Pa chitsulo choyera payambe epoxy primer, misoko imatidwe ndi seam sealer, ndipo phala likafunika lisapitirire mamilimita 3. Phala limamwa chinyezi, choncho silitseka bowo, ntchito yake ndi kusalaza basi. Pomaliza m'kati mwa zitseko mupoperemo cavity wax woteteza ku dzimbiri, timabowo ta madzi tisiyidwe totseguka.

MlongoWake

Bambo, funso langa ndi la zilembo. Moto wowotchererawo sudzazipsereza?

MmisiriWaGazaland

Zimadalira kutalika kwake, mayi. Yezani kuchokera m'munsi mwa chitseko kufika pamene dzimbiri lathera, ndiponso kufika pa chilembo chotsikitsitsa. Ndi MIG ya timadontho, penti amapsa pafupifupi mamilimita 30 kapena 40 kuchokera pa msoko. Ngati pakati pali mpata wa chikhatho chimodzi, zilembo zipulumuka, malinga pamwamba pake pagonekedwe nsalu yonyowa ndipo ziphimbidwe popala ndi grinder, chifukwa tinthethe timalowa mu penti n'kudzachita dzimbiri. Popenta, malo a zilembowo atchingidwe, penti watsopano athere pa mzere wa bodi kuti kusiyana kusaoneke kwambiri. Muwajambulenso chithunzi ndi kuwakopera pa pepala loonekera ntchito isanayambe.

AgogoAkuMabvuku

Pa chitseko chimenecho ndikuvomera kuti MIG ndiyo yoyenera, gasi angafike patali. Koma ngodya ya kumbuyo ija, ngati pa yadi simupeza yabwino, musavutike. Bweretsani lata la milimita imodzi ndi makatoni ku Mabvuku, ndipo mubwere ndi mmisiri wanu wachinyamatayo kuti adzagwire nyundo yekha ine ndikumuuza pomenya, chifukwa mapewa anga sakulolanso.

WaKuMufakose

Tayeza madzulo ano ndi mlongo wanga. Dzimbiri lathera pa mamilimita 90 kuchokera m'munsi, ndipo mawu akuti Dedza ali pa mamilimita 310, choncho mpata ulipo wokwanira. Pansi ndi m'munsi mwa chitseko cha bambo tisula. Loweruka m'mawa ndipita kumayadi kukafuna chitseko cha kumanzere, madigadi ndi ngodya, nditatenga maginito ndi tepi. Madigadi akasowa ndidzakutumani achimwene a ku Beitbridge, ndipo ngodya ikasowa, agogo, mutiyembekezere Loweruka linalo. Labala wa galasi ndamuitanitsa kale.